Masewera Akatha, Bwezerani Miyala Pomwe Inali

 Ndikufuna tikambirane za mphindi 15 zokha, zomwe zimabwera masewera akangotha, wopambana akadali kuseka, wogonja akupukuta fumbi kuti azipita. Ine ndimakhulupirira kuti nzeru zambiri za masewera zimapezeka m'mphindi zimenezi, ndipo ndi zomwe timataya kawirikawiri chifukwa chofulumira kunyamuka.

Tonse pano pa Chadiza tikuudziwa nsolo. Mizere inayi ya maenje yokumbidwa pamthunzi wa mango kapena kuseri kwa golosale, aliyense mizere yake iwiri, miyala ikuyenda dzenje ndi dzenje. Mwala womaliza ukagwera pomwe pali inzake, umatola yonse n'kupitiriza ulendo. Ukagwera pa dzenje louma wagona pomwepo, ndipo ngati ndi mzere wakutsogolo moyang'anana ndi miyala ya mnzako, wadya. Malamulo amasiyanako mudzi ndi mudzi, koma chomwe ndikufuna muonetsetse ndi zomwe madala odziwa nsolo amachita masewera akatha. Wogonja amagwira mkono wa mnzake. "Dikirani achimwene, tabwezerani pomwe zinali." Ndiye amabwezeradi, atatu apa, umodzi apo, popanda pepala, ongodalira mutu. "Mukanayambira apa, bwenzi nditatheratu." Wina mwa oonerera amatsutsa, amatola miyala n'kuyendetsa kuti onse aone ndi maso. Mwana amene wanjuta pambali amaphunzira zambiri pa kubwezera kumeneku kuposa pa masewera enieniwo, pakuti pamasewera manja a akuluakulu amathamanga kwambiri, maso sangatsatire.

Osewera chess nawonso ali ndi mwambo womwewu: akagwirana chanza amakhalanso pansi awiriwo n'kuyendanso m'masewera awo kuyambira pachiyambi. Ndi m'dziko la masewera otere momwe Amon Simutowe wathu anakwera mpaka kupatsidwa udindo wa grandmaster mu 2009, woyamba m'maiko a Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Japan, akatswiri a shogi, chess ya kumeneko, amakhalabe pamalo pomwepo masewera atatha, wopambana ndi wogonja akufunafuna limodzi pomwe zinthu zinapotokera.

Koma lero ndabwera ndi masewera a mtundu wina, omwe ambiri mwa inu mwina mwangowamva kapena kuwaona pa foni. Ndi nthano yoseweredwa pozungulira tebulo. Munthu mmodzi amatsogolera nthano: amafotokoza dziko, mitsinje, mapanga, zimphona ndi achifwamba. Ena atatu, anayi kapena asanu aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanomo n'kumamuyankhulira ndi kumusankhira zochita. Wina ndi msilikali wa chishango, wina mlenje wa uta, wina sing'anga wochiza anzake, wina wamatsenga. Pa nthano ya agogo ife timangovomera kuti tili tonse. Pa iyi omvera ndiwo amanena zomwe Kalulu achite, ndipo wotsogolera amawauza zotsatira zake. Otchuka kwambiri mwa masewera otere ndi Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974 ku America, pamene kampani yake inali m'tauni yaing'ono ya Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin.

Nkhondo za m'masewerawa zili ndi makolo ake. Mu 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake masewera otchedwa Kriegsspiel, omwe bambo ake anayamba kupanga zaka zingapo m'mbuyomo. Ankaseweredwa pa mapu enieni, timiyala tofiira ndi tabuluu tikuimira magulu a asilikali, pakati pali woweruza, ndipo dayisi ndiye ankagamula zomwe munthu sangazidziwiretu. Cholinga chake chinali kuphunzitsa, choncho kuunika zomwe mbali iliyonse yachita kunali gawo la ntchitoyo. Prussia itagonjetsa France pa nkhondo ya 1870 mpaka 1871, asilikali a maiko ena anayamba kutengera masewerawo. Kenako anthu wamba anawalowetsa m'nyumba zawo, ndipo mu 1971 Gygax ndi mnzake Jeff Perren analemba malamulo a nkhondo zamakedzana otchedwa Chainmail, omwe anakhala muzu wa Dungeons & Dragons. Chomwe chinasintha n'chakuti wosewera anasiya kulamulira chigulu cha asilikali n'kutenga munthu mmodzi, wokhala ndi dzina, mantha ndi abale.

Nkhondo ikayamba, zimayenda motere m'malamulo omwe anatuluka mu 2014. Aliyense amaponya dayisi wa mbali 20 kuti adziwe woyamba ndi wotsatira. Raundi imodzi, pamene aliyense wachitapo kamodzi, imaimira masekondi 6 a m'nthano. Ambiri amajambula bwalo la nkhondo pa pepala la timabokosi, kabokosi kalikonse kuimira mafiti 5, pafupifupi mita imodzi ndi theka. Ukafuna kulasa mdani umaponya dayisi, ndipo nambala ikafika pomwe pakufunika, walasa. Aliyense ali ndi mapointi a moyo omwe amachepa akamavulazidwa. Simufunika zidole zogula kunja: pepala la m'kope la masamu ndi zotsekera mabotolo zakwana. Dayisi wa mbali 20 akasowa, lembani manambala 1 mpaka 20 pa timapepala, ikani m'kapu, muzitola n'kubwezera. Malamulo oyambira amapezeka aulere pa intaneti.

Apa ndipo pali kusiyana kwakukulu ndi nsolo. Pa nsolo palibe mwayi. Miyala yonse ili poyera, ndipo ukadyedwa ndiwe amene sunawerenge bwino. Pa masewera a dayisi munthu akhoza kuganiza bwino n'kugwa, mnzake n'kuchita zosaganiza n'kupambana. Tsono mukabwezera miyala mukufuna kupeza wolakwa monga pa nsolo, mudzaweruza dayisi m'malo moweruza maganizo a munthu. Ichi ndicho chachikulu chomwe ndabwera nacho: masewera akatha, funsani zomwe wosewera ankadziwa pa nthawi yomwe ankasankha, ndi zomwe akanataya zikanakanika. Zomwe dayisi ananena pambuyo pake zibwere kumapeto.

Ndikuonetseni ndi gulu lina la ana a sukulu lomwe ndinakhala nalo likusewera, mphunzitsi wawo akutsogolera. Anthu awo anayi ankaperekeza ng'ombe za m'mudzi ndipo anakumana ndi achifwamba asanu ndi mmodzi pa ulalo wa mitengo, wopapatiza moti pamadutsa munthu mmodzi. Anayamba bwino. Mnyamata wa chishango anaima pakamwa pa ulalo, mlenje ndi wamatsenga kumbuyo kwake, sing'anga pakati. Pabwalo loyera munthu mmodzi akhoza kuzingidwa ndi adani 8, poti kabokosi kalikonse kamazunguliridwa ndi timabokosi 8, koma paulalo paja mdani mmodzi yekha ndiye ankamufikira. Raundi yachitatu, mkulu wa achifwamba atavulala, anabwerera m'mbuyo. Wa chishango anasiya malo ake n'kumuthamangira. Ankafunika 6 kapena kuposa. Dayisi anapereka 3. Achifwamba awiri analowa pampata womwe anasiyawo n'kugwetsa sing'anga. Zinthu zitafika povuta, mtsikana wosewera wamatsenga anayesa chinthu chofuna 18 kapena kuposa, ndipo anapeza 19. Anapulumuka onse, ng'ombe n'kufika kumudzi.

Atatseka nthano, tebulo lonse linali kumbali imodzi. Mtsikana uja ndiye ngwazi, mnyamata uja ndiye wopusa. Iye anangoti, "Ndi dayisi ameneyu," n'kuyamba kulongedza kope lake. Mphunzitsi anawakhazika pansi, nabwezera zotsekera mabotolo pomwe zinali pa raundi yachitatu, nafunsa mnyamatayo asanayankhule wina aliyense: "Pamenepa iwe unaona chiyani?" Poyamba anangoyang'ana pansi. Kenako anati, "Paja munanena kumayambiriro kuti achifwambawa amangomvera mkulu wawoyo chifukwa chomuopa. Ndinaganiza kuti iye akagwa, enawo athawa." Anzake anakhala chete, chifukwa mawu amenewo ananenedwadi, ndipo iye yekha ndiye anawasunga. Anawerenganso limodzi: manambala oyambira 6 kufika 20 alipo 15, choncho pa maulendo 20 akanalasa 15, atatu mwa anayi alionse. Amene ankamutcha wopusa anaona kuti mnzawo anali ndi chifukwa, ndipo mwayi unali kumbali yake.

Koma nkhani sinathere pomukhululukira, ndipo pano ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Mphunzitsi anafunsanso: "Nanga ulendo umodzi mwa anayi uja, womwe zimakanika, chotayika chinali chiyani?" Chinali khomo la ulalo, ndipo kuseri kwa khomolo kunali sing'anga, munthu yekhayo wotha kudzutsa anzake akagwa. Kenako mlenje, kamnyamata kosayankhulayankhula, analoza chotsekera chake n'kunena kuti mkulu wa achifwamba uja anali poyera, muvi wake ukanamufikira popanda wina kusuntha. Mpata wake unkabwera pambuyo pa wa chishango. Chomwe chinasowa chinali mawu anayi okha: "Lasa mkuluyo, ine ndatseka." Cholinga cha mnyamatayo chinali chabwino, koma panali njira ina yochikwaniritsira yosaika mnzake pangozi, ndipo sanaione chifukwa sanayankhule. Zimenezi munthu akhoza kuzikonza sabata yamawa. Dayisi sangamukonze.

Anaunikanso za ngwazi ija, ndipo ichi magulu ambiri sachita, poti ndani amafunsa mafunso zinthu zikayenda? Manambala 18, 19 ndi 20 ndi atatu okha mwa 20. Pa maulendo 20 akanalephera 17. Atabwezera zotsekera anapeza kuti akanatha kukokera sing'anga kumbuyo n'kuima iye pakhomo raundi imodzi, mpaka wa chishango atabwerera. Mtsikanayo sanakondwe kumva zimenezi, ndipo n'zomveka, pakuti kutamandidwa kumakoma. Koma gulu likamuombera m'manja osaunika, iye amaphunzira kuti kudumphira pa 18 ndiye nzeru, ndipo tsiku lina adzagwetsa anzake onse. Kupambana kwa mwayi kumasocheretsa kuposa kugonja, chifukwa wogonja amadzifunsa yekha.

Inu alimi mukudziwa bwino zomwe ndikunenazi. Mu nyengo ya 2023 mpaka 2024 mvula inadula chimanga chili pakati pa kukula, mpaka pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Amene anabzala pa nthawi yake, napalira, nathira feteleza, anakolola zochepa chimodzimodzi ndi amene anazengereza. Kodi tinganene kuti analakwa kubzala? Ayi. Funso lomuthandiza ndi lakuti anasiyako gawo la munda la chinangwa, mbatata kapena nyemba, kuti chimanga chikakanika pakhale pogwira.

Pali zina zomwe zimaoneka pokhapokha mutawerenga mofatsa masewera atatha. Mwachitsanzo, m'malamulo amenewa mdani wotsala ndi pointi imodzi ya moyo amamenya mwamphamvu ngati yemwe sanakhudzidwe. Tiyerekeze adani 6, aliyense amagwa akalasidwa kawiri, inu muli anayi ndipo simukuphonya. Mukamwazikana, aliyense ndi mdani wake, raundi yoyamba mwavulaza anayi koma onse 6 akubwezerani. Yachiwiri mwagwetsa anayi aja, awiri otsala akumenyaninso. Mwalandira nkhonya 8. Mukagwirizana awiriawiri pa mdani mmodzi, raundi yoyamba agwa awiri, akumenyani anayi. Yachiwiri agwa ena awiri, akumenyani awiri. Mwalandira 6, ndipo nkhondo yatha pa raundi yachitatu yomweyo. Nkhonya ziwiri zimenezo nthawi zambiri ndizo zimalekanitsa sing'anga woimirira ndi sing'anga wogona pansi. Aphunzitsi a masamu, apa pali phunziro lomwe ana adzaliwerenga okha mosakakamizidwa, chifukwa akufuna kudziwa chomwe chinagwetsa mnzawo.

Chenjezo lina ndi la njira yomwe yapambana kale. Gulu likaona kuti kutseka khomo kumathandiza, limafuna kutseka khomo paliponse, mpaka tsiku lomwe adani abwera ndi mauta n'kumawalasa ali patali. Mbiri ya dera lathu lino ili ndi phunziro lolemera pa zimenezi. Angoni a Mpezeni, ndi zishango zawo zachikopa, nthungo zobayira pafupi ndi luso lozinga mdani mbali zonse, anagonjetsa ambiri kwa zaka zochuluka, moti makolo a Achewa ambiri anapulumukira m'malinga ndi m'mapiri, posankha malo omwe kuzinga sikukanatheka. Mu January 1898 ankhondo omwewo, motsogozedwa ndi Nsingu mwana wa Mpezeni, anakumana ndi asilikali a Britain okhala ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Kulimba mtima kunalipo, koma chida cha mdani chinali chitasintha nkhondo yonse, ndipo Nsingu anagwidwa n'kuphedwa mwezi wotsatira. Sindikuyerekeza magazi a anthu ndi zotsekera mabotolo. Ndikungonena kuti pounika muzifunsa chifukwa chomwe njira yanu inagwirira ntchito, kuti mudzazindikire tsiku lomwe chifukwacho palibe.

Tsono kuunikaku kuyende bwanji kuti kusasanduke bwalo la milandu? Woyamba kuyankhula akhale mwini chosankhacho, ndipo anene zomwe anaona, ena asanamuuze zomwe akanaona. Musaunike nkhondo yonse, mudzatopa. Sankhani malo amodzi kapena awiri pomwe zinthu zinatembenukira. Zotsekera zibwerere papepala, chifukwa mkangano wa pakamwa pokha amapambana ndi wamawu okweza, pomwe papepala aliyense akhoza kuwerenga timabokosi. Asilikali a ku America ali ndi kachitidwe kofanana kounika ntchito ikatha, komwe amafunsa chomwe chinayenera kuchitika, chomwe chinachitikadi, chifukwa chake, ndi chomwe asinthe ulendo wina, ndipo wamng'ono amaloledwa kuyankhula pamaso pa wamkulu. Gawo lomalizali ndi lovuta kwa ife, chifukwa tinaleredwa kuti mwana sayankha akulu akuyankhula. Ulemu umenewo ndi wabwino ndipo ndimaukonda, koma patebulo pamasewera wotsogolera ayenera kuitana mwadala amene ali chete, makamaka atsikana, omwe anyamata amakonda kuwadula mawu. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo m'gulu lija amene anaona njira yabwino anali kamlenje kachete kaja.

Samalaninso ndi wodziwa zonse. Pa nsolo timawadziwa oonerera omwe amafuula mpaka kutola miyala m'manja mwa wosewera. Pa masewera a nthano amakhala mmodzi mwa osewera, amene wawerenga malamulo kuposa anzake, ndipo kuunika akutenga ngati mpata wolamula aliyense zochita sabata yamawa. Mwina zonena zake n'zoona, koma akapitiriza, anzake amangokhala manja oponyera dayisi, ndipo posakhalitsa amasiya kubwera. Iyeyo apatsidwe ntchito yowerenga mwayi akafunsidwa, kusankha kukhale kwa mwini munthu.

Wotsogolera nthano nayenso alowe m'kuunikako. Osewera amaona dziko la m'nthano kudzera m'mawu ake okha. Ngati sananene kuti m'mbali mwa ulalo muli miyala yobisalapo, sangadzudzule amene sanabisale. M'gulu lija mphunzitsi anafunsa ana ngati onse anamva za achifwamba oopa mkulu wawo, ndipo zinapezeka kuti anazinena kamodzi, ena akujambula mapu. Anagwirizana kuti nkhondo isanayambe azibwereza mwachidule zomwe anthu awo akuona ndi zomwe akudziwa.

Ndipo musaiwale kuti iyi ndi nthano. Nthawi zina wosewera amadziwa bwino lomwe kuti kuthamangira mdani n'koopsa, koma munthu wake ndi waukali, kapena mdaniyo ndi amene anaotcha mudzi wa kwawo m'nthanomo. Akatero sanalakwitse masamu, wasewera munthu wake mokhulupirika, ndipo nthawi zambiri zimenezo ndizo anthu amazikumbukira patapita miyezi. Choncho limodzi mwa mafunso likhale lakuti, "Unkafuna kupambana nkhondoyi, kapena unkachita zomwe munthu wakoyo akanachita?" Akayankha chachiwiri, zotsala n'zoti gulu limvane: kodi tonse tikuvomera kuti anthu athu azivulala chifukwa cha mtima wa mmodzi? Magulu ena amavomera ndipo amasangalala nazo. Ena safuna. Chofunika n'chakuti anene poyera, asasungirane chakukhosi.

Makolo, ndikudziwa kuti mukamva za dayisi mumaganiza za njuga, ndipo mukamva za wamatsenga mtima umagunda. Nkhawa yachiwiriyi inagwiranso makolo ndi mipingo ina ku America m'zaka za m'ma 1980. Pamasewerawa sipaikidwa ndalama ndipo palibe amene amapita kwawo ndi za mnzake. Tsiku lomwe mudzaone ndalama patebulo, aletseni, chifukwa amenewo ndi masewera ena. Za matsenga, nthano ndi ya wotsogolera ndi gulu lake, ndipo akhoza kuichotsa mbali imeneyo n'kusewera za alenje, amalonda a mchere ndi minyanga, kapena anthu oteteza linga. Bwerani mudzakhale pambali tsiku lina, makamaka pa mphindi 15 zomalizazo, mudzamve nokha ana anu akufotokoza chifukwa chomwe anachitira chinthu ndiponso akumvetsera mnzawo akuwatsutsa.

Pomaliza kuunika, aliyense anene chinthu chimodzi chomwe adzayese ulendo wotsatira, ndipo wina achilembe kumbuyo kwa kope kuti chidzawerengedwe masewera asanayambe. Sikuti nthawi zonse mudzagwirizana. M'gulu lija wa chishango anavomera kuti akanayankhula, koma anaumirira kuti muvi umodzi wa mlenje sukanakwanira kugwetsa mkulu wa achifwamba, pomwe nthungo yake ikanakwanira. Mlenje anakana. Mphunzitsi sanagamule. Anawauza kuti Loweruka lotsatira, asanapitirize nthano, adzajambulenso ulalo womwewo, abwezere zotsekera pa raundi yachitatu, n'kuyesa njira iliyonse maulendo 10, wina akulemba kuti sing'anga wagwa kangati pa njira iyi ndi kangati pa inayo.